Silinda Yachitatu

Pikapu iyi ndinaigula kwa mlimi wa ku Howden,
mapaundi mazana asanu ndi atatu, fungo la galu wake anandipatsa ulere.
Zaka zake zikuposa za mwana wanga Ulanda.
Imandinyamulira udzu, nthambi za m'mipanda ya anthu,
mafiriji akufa, sofa imene mwini wake wapita kunyumba ya okalamba.

Vuto lake silibwera tsiku lililonse.
Lolemba imayenda ngati yakhululukidwa machimo.
Lachiwiri, nkhungu ikagona pa mtsinje wa Ouse,
ndikangokwera mlatho wa Boothferry pa giya yachitatu,
imachita chibwibwi:
du du du, kenaka zii pang'ono, kenaka du,
ngati munthu amene waiwala dzina la mlamu wake pakati pa moni.
Chiwongolero chimanjenjemera m'manja.
Wam'mbuyo amaliza hutala.

Ndinapita nayo kwa a Oldroyd, galaja ya kuseri kwa doko la Goole.
Itangoona ovolosi yawo inachira.
Anakhazika sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake kukhutu,
anamvetsera nthawi yaitali, maso ali chitsinzinire,
nati ikuimba bwino imeneyi, udzabwere nayo ikadwala.
Ndinaseka. Matenda amenewa ndimawadziwa:
malungo othawira pachipata cha chipatala.

Tinayamba kugula mayankho.
Mapulagi anayi atsopano anatipatsa masiku asanu a mtendere.
Sefa ya petulo, awiri okha.
Zuze, amene amadziwa zonse akamwa mabotolo awiri,
anati ndi pampu, analumbira pa manda a bambo ake,
bambo akewo ali moyo ku Mchinji, akulima mtedza.
Ine ndinayamba kulemba kuseri kwa malisiti:
tsiku, nyengo, chitunda kapena chitsetse, thanki yodzaza kapena ayi.
Ulanda ndiye anayala mulu wonsewo pa tebulo,
pakati pa mabuku ake a masamu,
nati, Adadi, imangodwala kunja kukanyowa.

A Oldroyd pa foni anati dikirani kude.

Usiku wa Loweruka tinazimitsa getsi la pakhomo,
boneti m'mwamba, injini ikung'ung'udza yokha.
Iye anagwira kabotolo kopopera maluwa ka mayi ake.
Fuu, fuu, pa mawaya akudawo.
Poyamba mdima chabe, ndi fungo la oyilo wotentha,
ndi basi yomaliza ikudutsa yopanda munthu.
Kenaka apo!
Kamphezi kabuluu, kochepa ngati njere ya mpunga,
kakudumpha kuchoka pa waya wa silinda yachitatu
n'kugwera pa chitsulo, njira yachidule,
moto wothawa usanafike kumene watumidwa.
Injini inatsimphina pomwepo, tikuona,
yogwidwa dzanja lili m'thumba.

Mng'alu wake sungauone masana.
Ndinaupeza ndi chikhadabo, wopyapyala ngati tsitsi.
Milungu isanu ndi iwiri ya kusowa tulo,
mankhwala ake mapaundi khumi ndi anayi.

Koma Ulanda sanabweze kabotolo msanga.
Anaimabe mumdimamo, akundiyang'ana.
Amadziwa kuti kumacha masiku ena
ine n'kukhala m'galimoto, kiyi ali m'manja, osaliza,
makamaka foni ya kumudzi ikalira usiku wake,
kapena dzuwa likatha sabata osaoneka.
Amadziwanso kuti adokotala atandifunsa mwezi watha
ndinati ndili bwino,
mtima n'kumagunda mwaulemu pansi pa chitsulo chawo chozizira,
osaphonya ngakhale kamodzi.

Anakweza kabotolo, nandipopera pang'ono pa jekete.
Fuu.
Anati, Adadi, nanga inu moto wanu umathawira pati?

Ndinatsitsa boneti, ndinaikanikiza kawiri, siitsekeka ndi kamodzi.
Ndinati kwazizira, tiye tilowe,
Lolemba kuli mpanda wodula ku Snaith,
ndipo a zanyengo ati kugwa mvula.